Nsomba Iyi Ili ndi Mamba?

Kwathu kwa Jenala, m'boma la Phalombe, munthu sanyamuka panyumba n'cholinga chongokadya. Chakudya chimaphikidwa pakhomo, ndipo wodyera kwina amakhala ndi chifukwa chake: ali paulendo, ali kumaliro, ali kuukwati, kapena dzuwa lamuthera kumsika. Zikatero ndiye amagula chinangwa chophika, chimanga chootcha kapena chitumbuwa, apo ayi amaima pachiwaya n'kudya tchipisi cha kabichi pamwamba. Mukawauza agogo anga kuti m'tauni anthu amasamba, kutchena, kukwera galimoto kukadya zophika munthu wosamudziwa, n'kulipiranso, iwo amafunsa modandaula kuti, "Kodi kunyumba kwawoko kwagwanji?"

Nkhani yangayi ndi ya malo awiri odyera a mumzinda wa Blantyre. Ena amagulitsa chakudya cha ku Japan chotchedwa sushi, enawo amaphika timakeke tokongola tam'mapepala tija timati makapukeke. Koma kuti imveke bwino ndiyambire ku Chilwa, chifukwa funso limene ndinapita nalo m'tauni ndinaliphunzira kumeneko.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje monga Phalombe, Likangala ndi Domasi imathira m'menemo, madziwo n'kumatha ndi dzuwa basi. Nsomba zake zodziwika ndi zitatu: matemba, makumba ndi mlamba. Anyamata a njinga amabwera nazo m'madengu kuchokera kumadoko, ndipo mwana aliyense wa m'banja la Adventist kwathuko amadziwa kuzisiyanitsa asanadziwe kulemba dzina lake. Matemba ndi makumba ali ndi zipsepse ndi mamba. Mlamba uli ndi zipsepse, koma thupi lake n'loterera, mamba ulibe. Levitiko 11 ndi Deuteronomo 14 amafuna zizindikiro zonse ziwiri, choncho mlamba sulowa mumphika wathu, chimodzimodzinso kampango wotchuka uja wa ku nyanja ya Malawi.

Pa Sukulu ya Sabata lamuloli limamveka lopepuka. Kulisunga kwa Jenala n'kwina. Chilwa ndi nyanja yosaya ndipo imaphwa. Agogo amasimba za 1968, amayi za 1995, ine ndinaona ndekha za 2018, pamene mabwato anangokhala pamatope ong'aluka. Madzi akamachepa, makumba ndi matemba amasowa msanga. Mlamba umapirira, chifukwa umatha kupuma mpweya wapamtunda ndi kukhala m'madzi amatope amene nsomba zina zimaferamo. Ndiye kuti nsomba imene ife sitidya ndi imene imatsala nthawi ya mavuto, yonona, yotsika mtengo, fungo lake likuchokera kukhitchini ya anansi.

Mu March 2023 namondwe wa Freddy anasiya minda yambiri ya ku Phalombe ili mchenga ndi matope. Wathunso unapita. Patatha masabata angapo, bambo wina woyandikana nafe anabwera ndi milamba isanu yowamba, atamanga m'nyuzipepala. Ankadziwa kuti m'nyumba mwathu ndiwo ndi chisoso ndi bonongwe tsiku ndi tsiku. Amayi anagwada, analandira ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, achimwene, Mulungu akudalitseni. Mukudziwa kale kuti kuno sitidya. Koma musabwerere nayo. Tiyeni tikawapatse amayi akuseriwa, ali ndi ana ang'onoang'ono." Mlongo wanga wamng'ono analira usiku umenewo, ndipo amayi sanamukalipire. Anangomusisita mpaka anagona. Patapita masiku awiri bambo uja anabweranso, ulendo uno ndi kambale ka matemba.

Amayi sanatiphunzitsepo kuti odya mlamba ndi anthu oipa. Anthu amenewo ndi amene tinkagona nawo pasukulu ya pulaimale madzi atalowa m'nyumba. Chimene anatiphunzitsa n'chakuti uzidziwa chimene chili m'mbale yako, uzifunsa popanda manyazi, ndipo ukamakana usanyoze wokupatsayo.

Chaka chatha tili ku Blantyre kophunzira ntchito m'chipatala, msuweni wanga amene amagwira ntchito mumzindamo anakwezedwa paudindo. Anandiimbira kuti, "Lamlungu usadye nkhomaliro. Tenga anzako awiri, ndikakudyetseni zimene simunadyepo." Ndinatenga mnzanga wa m'chipinda, wa mpingo wathu womwewu, ndi mnzathu wina wa m'kalasi wa mpingo wina.

Malowo anali ozizira bwino, nyimbo zikumveka chapansipansi, anthu akulankhula ngati ali m'laibulale. Anatipatsa kabuku ka zakudya. Ndinawerenga tsamba lonse, mawu amene ndinawazindikira anali mpunga ndi mapeyala okha. Ena onse anali achilendo: nigiri, maki, sashimi, unagi, ebi, tako. Pathebulo loyandikana nafe panali timbale ta tinthu tozungulira, tofiira, toyera ndi tobiriwira, toyalidwa mwadongosolo ngati mikanda.

Kwa amene simunaonepo, sushi ndi mpunga wophika wosakaniza ndi viniga, mchere ndi shuga pang'ono, wodyedwa utazizira. Akauumba ngati kambamu kakang'ono ka nsima n'kuika kachidutswa ka nsomba pamwamba, imeneyo ndi nigiri. Akauyala pa chipepala chakuda cha ndere za m'nyanja yamchere chotchedwa nori, n'kuika nsomba kapena masamba pakati, kukulunga ngati mphasa n'kudula zidutswa, imeneyo ndi maki. Sashimi ndi nsomba yokhayokha yaiwisi, yopanda mpunga. Vuto la munthu wa kwa Jenala lili pamenepo. Kumsika nsomba umaiona yathunthu, umaitembenuza, umaikanda ndi chikhadabo. Apa nsomba yafika itasendedwa, itadulidwa, ilibe mutu, ilibe khungu, ndipo dzina lake lili m'chilankhulo china.

Woperekera zakudya atafika ndinati, "Pepani achimwene, ndifunseko. Nsomba iyi ili ndi mamba?"

Mnzanga wa m'chipinda ananditsina pansi pa thebulo. "Iwe, usatiyalutse," ananong'ona. "Ingoloza chilichonse."

Mnyamatayo anamwetulira mwaulemu. "Musadandaule, achemwali. Mamba timachotsa onse, simuwapeza m'mbale."

"Ayi, ndikunena ikakhala yamoyo, ili m'madzi."

Anakanda m'mutu, anati tidikire, n'kulowa kukhitchini. Mphindi zimenezo zinatalika. Msuweni wanga ankayang'ana foni, mnzanga ankayang'ana pansi. Ine ndinkadziwa chimene chinkamuwawa mnzangayo, chifukwa nanenso ndinkachimva pakhosi. Sanali mantha a tchimo. Anali mantha ooneka wakumudzi. M'malo ngati amenewa aliyense amayesetsa kuoneka ngati anabadwira momwemo, ndipo funso limakuulula. Koma akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine sindinachoke kwa Jenala kudzadya phula m'mbale yokongola.

Amene anatuluka anali wophika mwiniwake, bambo wachikulire ndithu, atavala chovala choyera. Anangotiyang'ana n'kunena kuti, "Ndinu a Seventh Day, eti?" Tinavomera. Anaseka n'kuti azakhali ake ndi a mpingo womwewo, ndipo iye anakulira cha ku Kachulu, mbali ya Zomba ya nyanja yathu yomweyo. Nditatchula Jenala anandigwira chanza ngati mbale wake. Kenaka anatenga kabuku kaja n'kuyamba kuloza ndi cholembera.

Salmon ndi tuna, anatero, ndi nsomba za mamba ndi zipsepse. Unagi ndi mkunga, uja wautali ngati njoka, ndipo msuzi umene amaupaka umakhala ndi vinyo wa mpunga wotchedwa mirin. Ebi ndi maprawns, ngati aja amachokera ku Mozambique. Kani ndi nkhanu. Tako ndi chamoyo cha m'nyanja cha miyendo isanu ndi itatu, chopanda mamba, chopanda zipsepse. Anatichenjezanso za California roll, imene alendo ambiri amayambira poiona ngati yosaopsa: timitengo tofiira toikidwa m'katimo timapangidwa ndi nsomba yopera, koma kawirikawiri amathiramo madzi a nkhanu kuti fungo lifanane. "Zimenezo zisiyeni," anatero. "Ndikukonzerani za salmon, za tuna, za mapeyala ndi za nkhaka. Nditsukanso mpeni ndi thabwa ndisanayambe."

Palibe amene anatiseka. Anthu a pathebulo linalo sanacheuke n'komwe. Manyazi onse aja tinabwera nawo tokha m'zikwama.

Chakudya chitafika panabuka nkhondo ina, ya timitengo tiwiri todyera. Kanga kankangothawa. Wophika uja podutsa anati ngakhale ku Japan nigiri amaloledwa kudya ndi manja. Sanafunike kubwereza. Mwana wa nsima ndinasamba m'manja n'kuyamba ntchito. Mpungawo unali womata, wowawasa pang'ono, wosiyana ndi wathu wa m'madambo a Chilwa umene timaukonda ukamayoyoka ndi kununkhira. Salmon inali yofewa ngati peyala lakupsa, ndipo sinkanunkha nsomba monga ndinkaganizira. Kanthu kobiriwira kotchedwa wasabi sikawotcha lilime ngati kambuzi, kamakwera m'mphuno ngati mpiru waukali, misozi n'kutuluka yokha. Tiyi wobiriwira amene anabweretsa tinamubweza, tinapempha madzi a ndimu. Kunena zoona ndinasangalala nacho chakudyacho. Mnzathu wa mpingo wina uja anaitanitsa maprawns ake, anadya mwamtendere pambali pathu, ndipo palibe amene anamulalikira.

Tikubwerera m'minibasi, mnzanga wonditsina uja anandiuza kuti aka sikanali koyamba kuitanidwa kumalo otere. Maulendo awiri m'mbuyomo anangonama kuti m'mimba simuli bwino, namwa madzi okha, n'kukagona ndi njala. Kufunsa ankakuopa kuposa njalayo.

Pambuyo pake nditawerenga mbiri ya sushi ndinaseka ndekha. Chakudya chimene tinkachiopa ngati cha mafumu chinayamba ngati nzeru ya anthu osauka a m'madambo a mpunga ku Asia, amene analibe furiji ngati ife. Ankathira nsomba mchere, kuikwirira mumpunga wophika kwa miyezi, mpunga n'kusasa, nsomba osaola. Ku Japan, m'mbali mwa nyanja ya Biwa, akupangabe motero ndi nsomba ya m'madzi opanda mchere, ndipo amaitcha funazushi. Ndi funso lomwe lija amayi a ku Chilwa amayankha poyanika matemba padzuwa ndi kuwamba makumba pamoto: tisunga bwanji nsomba za lero kuti tidzadye mwezi wa njala? Nigiri ya masiku ano inatchuka cha m'ma 1820 mumzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, ndipo amene amatchulidwa kwambiri poiyambitsa ndi Hanaya Yohei. Inkagulitsidwa m'misewu kwa anthu apantchito ofulumira, monga chiwaya chathu. Ngakhale salmon yaiwisi si mwambo wakale wa ku Japan. Anthu a ku Norway, amene amaweta nsombayi, ndi amene anailimbikitsa kumeneko kuyambira m'ma 1980.

Pano ndiike chenjezo kwa anzanga okonda kuyesa zinthu. Musatenge chambo kapena makumba n'kudya zaziwisi poti mwamva za sushi. Nsomba za m'madzi opanda mchere zimatha kukhala ndi nyongolotsi zimene zimafa nsombayo ikaphikidwa bwino. Nsomba zambiri za sushi zimayamba zaumitsidwa m'chisanu choopsa. Malangizo a ku America amati madigiri 20 pansi pa ziro kwa masiku 7, zimene furiji ya kuhositelo, ndi magetsi athu othimathimawa, singakwanitse. Tisaiwalenso kolera. Asodzi a pa Chilwa okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama tija, anachita kulandira katemera wake mu 2016, ndipo mliri wa 2022 mpaka 2023 tonse tikuukumbukira. Kukhala ndi mamba sikuchititsa nsomba kukhala yopanda matenda. Amayi oyembekezera ndi odwala asayese n'komwe zaziwisi, ngakhale m'lesitilanti yodula.

Tsono kudulako. Msuweni wanga analipira mwakachetechete, koma diso langa linagwera pakapepala. Ndalama ya nkhomaliro ya anthu anayi inaposa imene amayi anapeza atagulitsa thumba la nandolo chaka chimenecho. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere. Salmon, nori, viniga wa mpunga, zonsezi zimachokera kunja, zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chowoloka malire chinakwera. Sindinadzimve wolakwa. Msuweni anagwira ntchito, anafuna kukondwera ndi abale ake, ndipo Ambuye wathu yemwe anapita kuukwati ku Kana nadya m'nyumba za anthu. Koma ndinadziwa kuti malo amenewa kwa ine ndi a kamodzi pakanthawi, poitanidwa. Fizi yanga imachokera m'thumba la nandolo lomwelo. Ndikudziwa ophunzira amene amakongola ndalama pafoni kuti akajambulitse ali pathebulo lotere, chithunzi chikhale pa WhatsApp maola 24, ngongole n'kukhala mwezi wathunthu.

Malo achiwiri ndi amene anandiphunzitsa zambiri, chifukwa kumeneko palibe amene ananditsina. Kanali kashopu kakang'ono ka makeke, kopakidwa utoto wowala, kamene atsikana a m'kalasi mwathu anakatulukira sabata yachiwiri. M'kabati yagalasi munali makapukeke m'mizere: a chokoleti, a vanila, ofiira aja amati red velvet, aliyense atavala chisoti cha kirimu chotalika kuposa keke yake. Tinalowa tonse asanu ndi mmodzi, ambiri a mpingo wathu, ndipo aliyense analoza chake mosaopa. Apa panalibe za mamba. Palibe vesi la mu Levitiko loletsa keke.

Lingaliro lophika keke m'timakapu si latsopano. Buku la zophikaphika la Amelia Simmons, lotchedwa American Cookery, la mu 1796, lili kale ndi keke yotere. Zopangira zake n'zodziwika: ufa watirigu, shuga, mazira ndi batala kapena majarini. Nkhani ili pachisoti chija. Kirimu wake ndi batala wopuntha pamodzi ndi shuga wosalala ngati ufa, ndipo pa sikelo shugayo amakhala pafupifupi kawiri kuchuluka kwa batala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira m'zakudya asafike gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene munthu amadya patsiku. Kwa munthu wamkulu amenewo ndi magalamu pafupifupi 50, kapena masupuni aang'ono 12, ndipo linati kufika pa 6 n'kwabwino koposa. Kapukeke imodzi yaikulu ya chisoti chonse imatha kudya theka la masupuni 12 aja kapena kuposa. Mukatsitsira ndi botolo la chakumwa chozizira cha shuga, mwaonjezera masupuni ena 7 kapena 8. Tsiku latha, musanadye phala la mawa.

Ndinafunsa mwini shopuyo, mtsikana wosatalikirana nane zaka, funso la kwathu lija m'mawu ena: "Achemwali, muli chiyani umu?" Anayankha bwinobwino. Ya bulauni inali ndi khofi. Ina ya zipatso zouma anati amazinyika mu mowa pang'ono kuti zifewe, ndipo mnzathu amene anali atailoza kale anabweza dzanja msanga. Kenaka ananditsinako khutu kuti iye mwini sakonda kirimu wambiri, koma makasitomala amafuna chisoti chachitali kuti chithunzi chikongole. Anatulutsa ina ya nthochi, yopanda chisoti, imene amaphikira anthu ochepa oidziwa. Tinagula imeneyo ndi ina ya vanila, n'kugawana awiriawiri. Ya vanilayo inali yokoma zedi, sindinama. Kukomako n'kumene kumafuna maso, paja chakomachakoma pusi anagwa chagada.

M'mawa mwake ndinali muwodi, ndikuthandiza kutsuka bala la bambo wina amene anadulidwa phazi chifukwa cha matenda a shuga. Sindikunena kuti keke ndi imene inawadula phazi. Matendawa ali ndi zifukwa zambiri: mtundu, msinkhu, kunenepa, kusagwira ntchito zolimbitsa thupi. Koma sangatchedwenso matenda a anthu olemera a m'tauni. Bambo anga aang'ono kwa Jenala ali nawo. Mankhwala awo obaya amawasunga mumtsuko wadothi wa mchenga wonyowa poti furiji kulibe, ndipo mwezi ndi mwezi amapalasa njinga kukatenga ena. Iwowo chibadwire sanalawepo mlamba.

Apa ndi pamene ndikufuna tilankhulane monga a banja limodzi. Ife timadziwika ndi zimene sitidya. Munthu akamva kuti ndiwe wa Adventist amayamba ndi nkhumba, mlamba ndi mbewa. N'zoona, ndipo sindikuchita nazo manyazi. Koma taonani matebulo athu pa nkhomaliro ya Sabata, pa maukwati, pa misonkhano ya misasa, pa maphwando a achinyamata. Makreti a zakumwa amafika poyamba. Munthu amene sangakhudze mphika umene munaphikidwa kampango amamwa mabotolo atatu asananyamuke, ndipo palibe amene amadabwa. Tiyi wa masamba timakana, koma m'kapu ya madzi otentha a soya timathira masupuni anayi.

Uthenga wa zaumoyo umene mpingo wathu unalandira sunali mndandanda wa nyama zokha. Masomphenya a Ellen White a ku Otsego, m'chigawo cha Michigan, mu June 1863, anakhudza kudziletsa, madzi, mpweya wabwino, kupuma ndi kadyedwe konse, ndipo m'mabuku monga The Ministry of Healing la 1905 iye anachenjeza za kuchulutsa shuga m'zakudya. Danieli ndi anzake ku Babulo anapempha kwa woyang'anira mwaulemu, napereka njira ina yoti ayesedwe masiku khumi. Paulo mu 1 Akorinto 10:31 amaika kudya ndi kumwa pansi pa ulemerero wa Mulungu, osapatula chotsekemera. Lamulo la mamba lili ndi ubwino wake: yankho ndi inde kapena ayi, ukafunsa wamaliza. Shuga alibe mzere woterowo. Palibe mkulu wa mpingo amene adzakuitanire kubwalo chifukwa cha kapukeke yachitatu. Umadziimira wekha, tsiku lililonse, popanda wokuona.

Sindikuti titseke mashopu a makeke. Mtsikana uja akulipirira mng'ono wake sukulu ndi uvuni umodzi, ndipo pano pakoleji tili ndi anzathu amene sopo ndi zolembera zimachokera m'makeke amene amaphika Lamlungu. Tiwagule. Koma ife ogula ndi amene timawauza chophika. Tikamafunsa za nthochi, za mbatata, za shuga wochepa, za chisoti chachifupi, adzaphika zimenezo, monga wophika wa ku Kachulu anatsuka mpeni wake chifukwa choti wina anafunsa.

Patchuthi ndinawafotokozera amayi ndi agogo zonsezi tili pakhonde tikusola nandolo. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Ndiye kuti munadya mpunga wozizira ndi nsomba yosaphika, mwana wa eni n'kulipiranso? Nkhuni zinawathera?" Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Funso lawo linali limodzi: "Unafunsa?" Nditati eya, anangogwedeza mutu n'kupitiriza kusola.

Lachisanu lake, dzuwa lisanapendeke, tinayesa zathu. Tinakanya chigumu cha mgaiwa ndi nthochi zakupsa kwambiri, shuga supuni ziwiri zokha m'mbale yonse, n'kuthira m'makapu achitsulo opaka mafuta. Tinawaika mumphika waukulu pambaula, makala ena pachivundikiro. Anatuluka makapukeke khumi ndi awiri a kwa Jenala, opanda chisoti, apansi atapserera pang'ono. Ana a kalasi ya Adventurer anawamaliza titangotuluka m'mapemphero, ndipo bambo aang'ono analawa theka la imodzi.

Ambiri a ife tikamaliza pano tidzagwira ntchito ku Blantyre, ku Lilongwe, ena ku Johannesburg kapena kutsidya kwa nyanja. Tidzaitanidwa kumatebulo a mabwana, a apongozi, a anzathu a mitundu ina, ndipo m'mbale mudzakhala zinthu zimene agogo athu sanazilotepo. Tisakane kupita, ndipo tisakakhale pakona ndi kapu ya madzi tikunamizira m'mimba. Wophika amadziwa chimene waika mumphika, ndipo ambiri amakondwa wina akafuna kudziwa. Funso la mamba mudzalikumbukira nokha, chifukwa munakula nalo. Limene ndikukupemphani kuti mulinyamulenso ndi linalo, lofunsa pamene chakudya n'chololedwa, n'chokoma, ndipo aliyense pathebulo akutenga chachiwiri.